Mafunso ndi mayankho pa zoika wayilesi, sikirini ndi mabatani ake mu galimoto

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndimagwirira kuno ku Mzuzu, ndipo ambiri obwera pa shedi panga nkhani yawo imakhala ya wayilesi. Mafunso ake ndi omwewomwewo, wina amafunsa pa WhatsApp usiku, wina amafunsa ali mu Sienta injini isanazime nkomwe, nde ndati bola ndingolemba pamodzi kuti musanakagule chinthu ku Taifa kapena kuitanitsa ku Dar muyambe mwawerenga kaye. Mitengo sindiika, mukudziwa nokha kuti mtengo wa lero mawa umakhala utasuntha.

Galimoto yangofika kumene kuchokera ku Japan koma wayilesi ikungogwira siteshoni imodzi, pena zii. Yafa?

Siinafe ayi bwana, musathamangire kuizula. Nkhani ndi yoti ku Japan FM yawo imayambira pa 76 kukathera pa 90 MHz, zina zatsopanoko zimafika pa 95, pomwe kwathu kuno masiteshoni amaulutsa kuyambira pa 87.5 mpaka 108. Nde pokumana mabandi awiriwa ndi kadanga kakang'ono chabe, siteshoni ikakhala mu kadanga kameneko mumaimva, zina zonse zimakudutsani pamwamba. Ndi chifukwa chake munthu amafuna amvere mpira Loweruka masana Moyale ikusewera, akasaka akungomva shiii kuchoka koyamba mpaka kumapeto.

Mankhwala ake otchipa ndi band expander, kabokosi kokula ngati ka machesi komwe timakalowetsa pakati pa waya wa eriyo ndi wayilesi, kenako kawaya kake kofiira timakapatsa moto wobwera mukatembenuza kiyi. Ntchito yake ndi kutsitsa manambala kuti alowe mu bandi ya ku Japan ija. Kalipo kotsitsa ndi 10, ndi 14, ndi 18, kena 20. Tinene kuti mwaika ka 14, siteshoni ya pa 100 mudzaipeza pa 86, nambala ya pa galasi imakhala yonama koma mawu ndi omwewo. Chomwe ogulitsa sakuuzani ndi choti ka 14 kamakufikitsani pa 104 basi, za pamwamba apo simuzimva, ndipo ka 18 kamafika pa 108 koma kamasiya mpata pakati pa 90 ndi 94. Nde musanagule dziwani kaye kuti masiteshoni omwe mumakonda ali pati. Komanso kamafooketsako mphamvu ya eriyo, mu town simuona vuto koma mukalowa mu Chikangawa kapena mukamatsika Chiweta mawu amayamba kudukaduka msanga kuposa wayilesi yopangidwira bandi yathu.

Nanga mayi amene amalankhula Chijapani ndikangoliza galimoto, ali mu wayilesi?

Kawirikawiri sali mu wayilesi. Suzumirani pansi pa chiwongolero kapena mu glove box mupeza kabokosi kakuda kolowetsa khadi, kolembedwa ETC. Ndi ka ku Japan kolipirira pa ma toll gate osaima, ndipo mayiyo akungokuuzani kuti khadi mulibe. Pa Chingeni kapena pa Kalinyeke sikagwira ntchito, mulipirabe pa zenera. Timangokazula pulagi basi, mphindi zisanu sizikwana. TV ya mu sikirini ija nayonso iiwaleni, ku Japan amagwiritsa ntchito ISDB-T ife kuno ndi DVB-T2, sizimvana olo muike eriyo yotalika bwanji.

Tinachotsa batire, pano sikirini yangoima pa zolemba za Chijapani, siikupita patsogolo.

Ili nde funso lomwe limandimvetsa chisoni chifukwa nthawi zambiri likanapeweka. Mawayilesi ambiri a navigation a ku Japan, makamaka a mu Toyota, ali ndi SD card ya mapu yomwe imakhala kuseri kwa sikirini, ndipo ena mwa iwo pulogalamu yoyatsira imakhala mu khadi momwemo. Moto ukakhala ulipo wayilesi imayenda olo khadi mulibe, nde mwini wake sadziwa kuti khadi inasowa kalekale, mwina pa doko, mwina mu njira yochokera ku Dar kudzera pa Songwe. Tsiku losintha batire ndi pomwe zimaululika. Ena m'malo mwa khadi amafunsa password yomwe mwini wake wakale anaika ku Japan, imeneyo imatsegulidwa ndi nambala yotchedwa ERC yomwe imatuluka pa menu yobisika, alipo anthu odziwa kuitembenuza.

Bambo ena a ku Chibavi anabwera ndi Passo, akuti mwana wawo anapeza khadi mu wayilesi, anaona kuti muli zinthu zosamveka nde anaifomata nkuikamo nyimbo za kwaya. Zinayenda bwinobwino miyezi ingapo mpaka tsiku lomwe batire inafooka. Ndinayesa zonse koma khadi ija inali itapita basi, ndipo mtengo woitanitsa ina unali pafupi ndi wa wayilesi yatsopano. Chonde galimoto ikangofika dinani batani lotsegula sikirini muone ngati khadi ilimo, ikakhalamo isiyeni momwemo, nyimbo ikani pa flash.

Wayilesi iliyonse ingalowe mu galimoto yanga?

Ayi. Pali miyeso iwiri yodziwika, single DIN yomwe ndi 180 mm m'lifupi ndi 50 mm kutalika, ndi double DIN yomwe ndi 180 kwa 100. Koma Toyota ndi Daihatsu zambiri za ku Japan bowo lake ndi lotambalala, 200 mm, nde mukaika ya 180 pamatsala mipata iwiri m'mbali yomwe timatseka ndi timapulasitiki topangidwira zomwezo. Osalola munthu atseke ndi siponji kapena katoni, fumbi la ku Mchengautuwa lonse lidzathera mkatimo. Magalimoto ena ngati Demio ndi Fit zina wayilesi yake inapangidwa chimodzi ndi dashibodi, pamenepo pamafunika frame yonse yatsopano ya mtundu wa galimoto imeneyo ndi chaka chake.

Apa tcherani khutu amene mumaitanitsa pa intaneti. Ife chiwongolero chathu chili kumanja. Ma frame ambiri pa msika ndi a magalimoto a chiwongolero cha kumanzere, pa chithunzi amaoneka ofanana koma akafika mupeza kuti bowo la batani la hazadi lili mbali ina, kupindika kwake sikugwirizana ndi dashibodi. Muziyang'ana kuti palembedwa RHD, kutanthauza chiwongolero cha kumanja. Ndaonapo anthu akudula dashibodi ndi mpeni wotentha kuti frame yolakwika ilowe, galimoto yabwinobwino nkusanduka ngati yachita ngozi mkati.

Ndigule ya touch yayikulu ija kapena ya mabatani?

Apa nde ndilankhulapo motalikirapo chifukwa ndi pomwe ndimatsutsana ndi makasitomala kwambiri. Aliyense akufuna sikirini ya mainchesi 9 kapena 10, ikuwala bwino, anzake aone. Ine sindidana nazo, ndimaika tsiku ndi tsiku. Koma funso lomwe ndimamufunsa munthu ndi ili, mukamatsika kupita ku Nkhata Bay pa makona aja, mvula ikugwa, kutsogolo kuli lole ya matabwa, foni yalira kapena nyimbo yakwera mwadzidzidzi, mutsitsa bwanji volume? Ikakhala ya kabatani kopotokola dzanja limapita lokha, limakapeza mwa kukhudza, maso ali pamsewu. Ikakhala ya touch yokhayokha mpaka muyang'ane, mulozetse chala pa kachizindikiro kakang'ono, galimoto ikudumpha pa bampu chala chikuphonya, mwadina china, mwayang'ananso kachiwiri. Pa liwiro la 60 km pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu oyang'ana pa sikirini ndi mamita 50 omwe mwayenda osaona kabaza, osaona mwana wa sukulu.

Nde ine malangizo anga ndi oti sikirini gulani ngati mukuifuna, koma pakhale chinthu chogwirika ndi dzanja cha volume ndi chosinthira nyimbo, kaya ndi kopotokola pa wayilesi pomwepo, kaya ndi mabatani a pa chiwongolero. Ndipo muone mbali yomwe kali. Mawayilesi ambiri anapangidwira maiko oyendetsa chiwongolero kumanzere nde mabatani awo ali kumanzere kwa sikirini, kwa ife uko ndi kutali, kufupi ndi pasenja. Khalani pa mpando wa dalaivala, mangani lamba, tambasulani dzanja la manzere msana osachoka pa mpando. Pomwe dzanja lafika ndi pomwe mabatani ayenera kukhala.

China ndi zomwe sikirini yayikulu imaphimba. Zoyandama zija zotuluka kunja kwa dashibodi zimakonda kutseka batani la hazadi kapena timazenera ta mphepo. Dalaivala wina wa minibasi ya ku Karonga anabwera kuti ndimukonzere sipika, ndikuyang'ana ndikuona kuti hazadi yake kuti aidine amachita kulowetsa zala kuseri kwa sikirini ngati akutola ndalama yagwera pa mpata. Ndinamuuza kuti achimwene, tsiku lomwe mudzaime mwadzidzidzi mu chifunga simudzakhala ndi nthawi yofufuza. Tinaitsitsa pang'ono ndi mabulaketi ena, hazadi inaonekera. Kuno m'mawa wa June ndi July galasi limachita nthunzi mkati, mabatani a demister ayenera kukhala poyera, osati kuseri kwa TV.

Usiku nawonso uli ndi nkhani yake. Pali waya wa olenji womwe umauza wayilesi kuti mwayatsa magetsi nde ichepetse kuwala. Anyamata ambiri amausiya osalumikiza poti wayilesi imalirabe popanda iwo, zotsatira zake mukuyenda usiku pa M1 sikirini ikukuthobwani m'maso ngati tochi, msewu osauona bwino.

Mabatani a pa chiwongolero adzagwirabe ndikasintha wayilesi?

Adzagwira ngati woikayo akudziwa ndipo sakuthamangira. Pa magalimoto ambiri akale pang'ono batani lililonse lili ndi resistor yakeyake, mukadina wayilesi imawerenga kusiyana kwa moto nkudziwa kuti mwadina liti. Mawayilesi a Android amakhala ndi mawaya olembedwa KEY1 ndi KEY2, timalumikiza ku mawaya ochokera ku chiwongolero pamodzi ndi earth yake, kenako timalowa mu settings nkuiphunzitsa, dinani ili ndi volume yokweza, ili ndi yotsitsa, ili ndi loyankhira foni. Pioneer ndi Sony zambiri zili ndi kabowo kumbuyo kolowetsa remote ya waya, pena pamafunika adaputa. Magalimoto atsopano mabatani ake amalankhula kudzera pa CAN bus, mawaya omwe makompyuta a galimoto amatumizirana mauthenga, amenewo amafuna kabokosi ka decoder ka mtundu wa galimoto yanuyo, popanda iko palibe chomwe mungaphunzitse. Munthu akakuuzani kuti mabatani amenewa sagwira ndi wayilesi ya kuno, nthawi zambiri ndi ulesi chabe. Muumirireni, munalipira galimoto yonse ndi mabatani omwe.

Ngati galimoto ilibiretu mabatani, tilipo timaremote ta Bluetooth tomangirira pa chiwongolero. Timathandiza ndithu, bola kasamangidwe pakati pomwe pamatulukira airbag.

Pali vuto kudula mawaya a galimoto nkulumikiza mwachindunji?

Vuto lilipo lalikulu. Pulagi ya galimoto ikadulidwa simungabwezerenso wayilesi yakale mosavuta, ndipo wobwera pambuyo amayamba kulota kuti waya uyu ndi wa chani. Pali ma harness opangidwa kale, mbali imodzi imalowa mu pulagi ya galimoto mbali ina timalumikiza ku wayilesi tili pa tebulo. Toyota zambiri ndi mapulagi awiri, ya mapini 10 ndi ya mapini 6, zimapezeka mosavuta. Polumikiza tizisolda kapena kufinya ndi ma connector, osati kupotokola ndi zala nkukulunga tepi, tepi ikatenthedwa mu October imamatuka, mawaya nkukhudzana kuseri kwa dashibodi komwe simukuona.

Ku mbali ya wayilesi yogula mitundu ya mawaya imakhala yofanana pafupifupi makampani onse. Wachikasu ndi moto wa batire wosazima, wofiira ndi moto wa kiyi, wakuda ndi earth, wabuluu ndi wa eriyo, wabuluu wa mzere woyera ndi woyatsira ampu (amplifier yokweza mphamvu ya mawu), wa olenji ndi wa magetsi uja ndanena. Masipika, oyera kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, a pepo kumbuyo kumanja, ndipo wokhala ndi mzere wakuda ndi negative. Koma mitundu imeneyi ndi ya ku wayilesi kokha, ku mbali ya galimoto kampani iliyonse ili ndi yake, nde osangoti wofiira kwa wofiira, yezani ndi mita. Sipika imodzi ikatembenuzidwa positive ndi negative imalirabe koma bass yonse imasowa, munthu nkumaganiza kuti masipika ndi achabechabe. Ndipo waya wabuluu uja ukaiwalika pa galimoto yomwe eriyo yake ili mu galasi, FM imafooka ngati muli ku Nyika chonsecho muli pa Katoto.

Ziwiri izi musazikhudze olo pang'ono. Mapulagi achikasu ndi mawaya okutidwa ndi chikasu pansi pa chiwongolero, pansi pa mipando ndi kuseri kwa glove box ndi a airbag, osawayeza ndi tester ya babu. Pa hybrid ngati Aqua, Prius ndi Fit mawaya onenepa a olenji ndi a moto waukulu wopha munthu. Ndipo musanayambe chilichonse chotsani negative ya batire, mutatsimikiza kaye za khadi ndi password zija.

Wayilesi ikumaiwala masiteshoni ndi nthawi ndikazimitsa galimoto.

Wachikasu ndi wofiira asinthanitsidwa, kapena onse aikidwa pa moto wa kiyi. Ntchito ya mphindi khumi.

Chiikireni wayilesi yatsopano batire ikumatha usiku, m'mawa mpaka kukankha.

Apa nde zatembenuka, wachikasu ndi wofiira onse awiri aikidwa pa moto wosazima nde wayilesi siigona, olo sikirini itada mkati ikudyabe. Ena amachita dala akuti kuti bwana azimvera nyimbo opanda kiyi, osawauza mtengo wake. Penanso ndi ampu yomwe waya wake woyatsira uja waikidwa pa batire mwachindunji, imakhala yoyaka usiku wonse mu buti. Timayeza ndi mita galimoto itazima zitseko zitatsekedwa, tikazula fyuzi ya wayilesi nambala nkugwa, wakuba wapezeka. Kuzizira kwa kuno kumangoulula msanga, batire yofooka kale ikagona pa Luwinga mu July m'mawa siidzuka. A ma hybrid samalani kwambiri, batire yanu ya 12V ndi yaying'ono, mukafuna kumvera nyimbo mutaima nthawi yaitali galimoto ikhale pa READY.

Android yotchipa ija ndi yabwino? Nanga CarPlay ndi chani?

Zilipo zabwino, zilipo zongotaya ndalama, ndipo kunja zimafanana. Yang'anani RAM, memory yomwe imayendetsa mapulogalamu. Ya 1GB isiyeni olo akutsitsireni bwanji, imatenga nthawi kuyaka, mukatsegula mapu nyimbo zimadukiza. Yambirani pa 2GB ndi 32GB yosungira, mukakwanitsa 4GB bola. Vuto ndi loti zina zimanama, pa bokosi ndi mu settings palembedwa manambala aakulu koma mkati muli zazing'ono, nde muiyese isanalowe mu galimoto, aiyatse pa batire pa shopu pomwepo, mutsegule zinthu zitatu nthawi imodzi muone ngati ikupirira. Gwirani kumbuyo kwake, chitsulo chotaya kutentha chikhale chenicheni, chifukwa galimoto ikaima padzuwa ku Karonga kapena ku Chintheche mkati mwa dashibodi mumatentha zedi ndipo zopepera zimazima zokha.

Pa mawu okha, Pioneer, Sony, Kenwood, JVC ndi Alpine zenizeni zimaposa ma Android ambiri otchipa, ndipo FM yake imagwira patali. Ndati zenizeni chifukwa zonamizira dzina zadzaza, chilembo chimodzi chosinthidwa, kulemera ngati mulibe kanthu.

CarPlay ndi ya iPhone, inayamba 2014, Android Auto ndi ya mafoni a Android, inatuluka 2015. Zonsezi ntchito imagwiridwa ndi foni yanu, sikirini imangoonetsa mapu, nyimbo ndi mafoni mu zilembo zikuluzikulu zosavuta kudina. Ine ndimazikonda chifukwa zimachepetsa zoyang'anayang'ana, ndipo mukasintha foni zonse zasintha nazo. Za bundle musadandaule kwambiri, Google Maps imalola kusunga mapu mu foni, dawunilodani chigawo chonse cha kumpoto muli pa WiFi, GPS payokha siidya data ndipo imagwira olo pomwe network ya TNM kapena Airtel yathawa.

Ndalama zosinthira ndilibe, ndikungofuna nyimbo za mu foni zizimveka mu masipika.

Palibe chochititsa manyazi apa, njira zilipo. Yambani mwafufuza ngati wayilesi ya ku Japan ija ilibe kale Bluetooth kapena AUX, zambiri zili nazo koma zabisala mu Chijapani, lozetsani kamera ya foni ndi Google Translate muwerenge menu. Samalani pang'ono, zina Bluetooth yake ndi yoyimbira foni yokha, nyimbo ayi. Ngati pali AUX, kachingwe kapena ka Bluetooth receiver kolowetsa pamenepo nde njira ya mawu oyera. Ngati palibe, gulani modulator yolowetsa pa laita, kachida kotumiza nyimbo za foni ku wayilesi ngati siteshoni ya FM. Iyo imaulutsa kuyambira pa 87.5, nde pa wayilesi ya ku Japan muiike pakati pa 87.5 ndi 90 pa nambala yomwe palibe siteshoni, ziwirizo zikhale pa nambala imodzi. Ambiri amabweza modulator ku shopu akuti siikugwira chonsecho aisiya pa 107 pomwe wayilesi yawo siifika.

Flash yanga ikuwerengeka pa laputopu koma mu galimoto ayi.

Ifomateni kukhala FAT32. Mawayilesi ambiri akale samva exFAT kapena NTFS, ndipo ma flash ambiri opitirira 32GB amabwera ali exFAT. Nyimbo zikhale MP3, mafoda asachuluke mkati mwa mafoda ena. Gulani flash yaifupi ija yongotulukira pang'ono, yaitali ikamagwedezeka pa msewu wa ku Usisya kapena bondo la pasenja likaigunda imathyola soketi, ndipo soketi ya USB kukonza kwake nkovuta kuposa kugula flash ina.

Anthu akumadandaula kuti sakundimva ndikamayankha foni pa Bluetooth.

Maiki ya mkati mwa wayilesi ili kutali ndi pakamwa panu ndipo ili pafupi ndi mphepo ya AC. Ikani maiki ya waya, ikhale pamwamba pa chiwongolero kapena pafupi ndi sun visor ya dalaivala, waya wake udutse mkati mwa pillar koma kuseri kwa airbag ngati ilipo, osati kutsogolo kwake. Mukatero foni ikhale mthumba, muziyankha ndi batani limodzi, za kugwira foni pa khutu mukuyendetsa a traffic akakuonani mukudziwa kale mmene zimathera.

Kamera ya rivesi ya ku Japan igwira pa sikirini yatsopano?

Itha kugwira koma pamafunika adaputa, chifukwa pulagi yake ndi yosiyana ndipo makamera ambiri a Toyota amadya moto wa 6V, mukawapatsa 12 mwawotcha. Ngati mukuika yatsopano, moto wake utengedwe pa babu ya rivesi, ndipo waya wa trigger ufike ku wayilesi kuti mukangolowetsa giya chithunzi chibwere chokha. Pobowola chitseko cha kumbuyo pakeni silikoni bwinobwino. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imatha kugwa sabata yathunthu, kabowo kakang'ono kosatseka pakapita chaka mupeza dzimbiri ndi madzi mu buti. Koma amayi ndi abambo, kamera siiona m'mbali, magalasi muziyang'anabe makamaka pa depoti pomwe anthu amadutsa paliponse.

Ndikufuna bass ya mphamvu. Pa bokosi alemba 50W x 4, sizokwanira?

Nambala imeneyo ndi ya pachimake, ya kamphindi chabe. Mphamvu yeniyeni yotchedwa RMS pa wayilesi wamba imakhala pafupifupi mawatsi 20 pa sipika iliyonse, yokwanira masipika a mu zitseko a 4 ohms koma osati sabu, sipika yayikulu ya bass ija. Sabu imafuna ampu yake. Ndipo mukaona ampu yaying'ono ngati buku yolembedwa 3000W, yang'anani fyuzi yake, ikakhala ya 20A dziwani kuti pa 12V singapitirire mawatsi 240 olo itafuna.

Poika ampu, waya wa moto uchokere ku batire ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire pomwepo, osapitirira masentimita 45. Fyuzi imeneyo ikuteteza galimoto, osati ampu. Waya wopanda fyuzi ukakhuzika pa chitsulo podutsa kuchoka ku injini umafiira ngati mbaula, kapeti nkugwira moto. Ndinazulapo waya wotero mu Sienta ya taxi, unadutsa pansi pa mpando wa ana kumbuyo, chikopa chake chitasungunuka kale malo awiri, mwini wake amangoti mukumveka kafungo. Podutsa pa chitsulo pakhale rabala. Earth ikhale yaifupi, pa chitsulo chopalidwa penti mpaka kuwala. Gulani waya wa kopa weniweni, wotchipa uja ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, mukapala ndi mpeni mkati ndi moyera.

Mukamva kulira kwa wiii komwe kumakwera mukaponda mafuta, ndi phokoso la alternator, kawirikawiri earth ndi yoipa kapena ma RCA, mawaya otengera mawu ku ampu, ayenda limodzi ndi waya wa moto. Moto udutse mbali imodzi ya galimoto, RCA mbali inayo. A ma taxi ganiziraninso za malo, bokosi la sabu likadya buti yonse katundu wa makasitomala a ku Ekwendeni mudzamuika pati? Zilipo zopyapyala zolowa pansi pa mpando, zimakwanira. Ndipo bokosi limangidwe ndi mabawuti, pa buleki ya dzidzidzi bokosi losamanga limauluka.

Ndili ndi Canter, wayilesi iliyonse ndikaika ikupsa.

Canter ndi Coaster zambiri komanso malole ambiri a dizilo ndi a 24V, wayilesi wamba ndi ya 12V. Pakufunika converter yotsitsa 24 kupita 12, yokhala ndi waya wa memory ndi wa kiyi. Osatenga moto pa batire imodzi mwa ziwirizo, imodzi imatha msanga inzake nkumadzadza mopyola, pamapeto mugula mabatire awiri.

Mungandipangire kuti mafilimu azionekera ndikuyendetsa?

Ndikudziwa mmene amachitira, pali waya wa handbrake womwe amaugwetsera ku earth. Ine sindipanga, olo muonjezere ndalama. Ngati ndi za ana pa ulendo wa ku Lilongwe, tiike sikirini kumbuyo kwa mpando kapena ya padenga, iwo aziona inu muziona msewu.

Masipika a mu zitseko akungofa pafupipafupi.

Tsegulani chitseko muone pepala la pulasitiki lomwe limakhala pakati pa chitsulo ndi chikuto. Amakanika ambiri akakonza galasi amaling'amba osalibwezera, nde madzi otsika pa galasi amagwera pa sipika, ndipo ya pepala ikanyowa kangapo yatha. Bwezerani pulasitikiyo, tsegulani timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko tomwe timatsekeka ndi matope. Ku car wash auzeni anyamata asalozetse payipi pa chikuto cha chitseko, ndipo polish wa dashibodi asapopere pa sikirini ndi pa mabatani, amalowa mkati nkumata, apopere pa kansalu kaye.

Wayilesi yakale ija nditaye?

Sungani, pamodzi ndi mabulaketi ake, masikuluwu ndi khadi ija. Mabulaketi a chitsulo a m'mbali nthawi zambiri ndi omwewo omwe timamangira yatsopano, nde musalole kuti atsale pa shedi ya munthu. Ndipo musanalipire khalani pa mpando wanu, lizani injini, yesani sipika iliyonse payokha ndi balance ndi fader, yatsani magetsi muone ngati sikirini yachepa kuwala, lowetsani rivesi, dinani mabatani onse a pa chiwongolero, dinani hazadi. Kenako zimitsani, chotsani kiyi, dikirani mphindi ziwiri nkuyatsanso muone ngati siteshoni yanu ikadali pomwe munaisiya. Yendani naye woikayo kagawo ka msewu wa fumbi, wa ku Zolozolo ukwanira, ngati pali chogogoda kuseri kwa dashibodi chimvekere iye ali momwemo ndi sikuludiraiva yake.